Ulemu wa kuno ku chigwa: musanayale nkhani, dziwani kaye kuti pakhomopo mwini ndani

Ine ndinkadziona ngati munthu wodziwa mwambo mpaka tsiku lomwe tinapita kukafunsira mbeta ya mng'ono wanga kwa Tengani ku Nsanje. Ife kwathu ndi kwa Makhuwira, tsidya la kum'mawa kwa Shire, Amang'anja okulira kuchikazi, nde ulendowu tinaukonza mmene timakonzera kwathu, atsibweni patsogolo, ankhoswe pambuyo pawo, ine wonyamula chikwama ndi kulipira minibasi. Bambo athu tinawasiya ali ku dimba akupalira mbatata, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaganizako zowatenga poti kwathu nkhani ya ukwati wa mwana bambo amangouzidwa madzulo kuti zayenda chonchi, sakhala woyankhulapo.

Tinafika dzuwa lili paliwombo, anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa nimu, madzi akumwa anabwera, moni anazungulira bwinobwino. Atayamba kutiuza kuti awa ndi akuti awa ndi akuti, atsibweni anga anangomva kuti uyu ndi mlongo wawo wa mayi a mtsikana basi anatembenuza thupi lonse kuloza kwa iyeyo nkuyamba kuyala nkhani, ulemu wonse uli pamenepo, manja akuwomba pang'onopang'ono. Munthu uja anangoti zyoli kumvetsera mpaka atsibweni anamaliza, kenako anayankha motsitsa mawu kuti iye pamenepo ndi mlendo ngati ife tomwe, eni mwana ndi awo, akuloza ndi dzanja lonse mkulu wina amene ife tinangomupatsa moni wa gulu uja. Anali mkulu wawo wa bambo a mtsikanayo. Funso lawo loyamba linali loti kodi bambo a mnyamatayu ali moyo? Titati eya ali moyo, anafunsa ngati akudwala. Abale inu, thukuta lomwe ndinatuluka pamenepo silinali la dzuwa la ku Nsanje ayi.

Taonani, palibe chomwe tinaphonya pa zimene amatiphunzitsa tili ana. Odi tinachita, zipewa tinavula, tinakhala pomwe anatiloza, madzi tinalandira ndi manja awiri. Koma ulemu wonsewo tinaupereka kwa munthu wolakwika, ndipo woyenera kubwera naye tinamusiya ku dimba. Anthu ochokera kumtunda akamatsika Thabwa amaganiza kuti akangodziwa kunena zikomo ndi kugwada ndiye amaliza, pomwe kuno funso loyamba ndi loti pakhomo pano amatsata mbali iti, ya mayi kapena ya bambo, poti m'mudzi umodzi womwewo makomo awiri oyandikana akhoza kukhala osiyana.

Chinachititsa zimenezi ndi mbiri ya chigwachi. Eni nthaka akale ndi Amang'anja, a ufumu wa Lundu, ndipo iwowa mwana ndi wa kwa mayi, mwamuna amapita kuchikamwini, wolamula mbumba ndi atsibweni. Kenako kunabwera Akololo amene David Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, iye uja atayamba kukwera Shire mu 1859, iwo anatsalira kuno nkusanduka mafumu, ndiwo maufumu a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima mukuwamvawa. Asena analowa ambiri kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, makamaka itatha nkhondo ya Makombe youkira Apwitikiziwo ya 1917, ndipo iwowa mwana ndi wa kwa bambo, mwamuna amapereka chuma nkutenga mkazi kupita naye kwawo. Onjezeraniponso anthu amene anabwera kudzagwira ntchito ya nzimbe ku Nchalo kuyambira m'ma 1960, Alomwe, Ayawo, Angoni, Atumbuka, ndi abale athu a ku Mozambique amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo yomwe inatha mu 1992, ena osabwereranso. Onsewa akwatirana. Nde musapusitsidwe ndi dzina la mfumu kapena chiyankhulo chomwe mwamva pa mjigo, ufumu wa Tengani womwewo ndi wa Amang'anja koma pakhomo pomwe tinapita ife panali pa Asena, ndipo alipo Amang'anja ena amene pano amalandira chuma, aliponso Asena okhala pachikamwini chifukwa munda uli kwa mkazi.

Ndiye mudziwa bwanji? Mumafunsa musanafike. Amene akukuperekezani, kaya wa kabaza amene wakunyamulani pa siteji, mufunseni kuti kodi pakhomo paja wamkulu ndani, ndikafika nkhani ndiyambire kwa ndani. Si zamanyazi, ndipo anyamata a njingawa amadziwa makomo onse kuposa a kalembera. Ngati mwafika kale musanafunse, nkhani yanu musailunjike pa munthu, iponyeni pakati, munene kuti tabwera kwa eni khomo lino, mudzaona okha akuyang'anana ndipo mwini wake adzatsokomola nkuyankha. Atsibweni anga akanachita zimenezi bwenzi tonse titapulumuka.

Tsopano za tsiku ndi tsiku. Odi wa kuno amayambira patali, ndipo chifukwa chake ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kapena ku Bangula kumapitirira madigiri 40, masana bambo amakhala ali chifuwa pamtunda pansi pa mtengo, mayi angomanga kansalu kamodzi, agogo agona pa mphasa kuseri kwa nyumba komwe kuli mthunzi. Inu mukangotulukira mpaka pakhonde nkumati odi muli kale pamaso pawo, mwawavula. Imani kumapeto kwa bwalo, kuwani odi, muyang'ane kumbali ngati mukuona mbuzi, muwapatse mpata wovala malaya, akati fikani ndi pomwe muyende. Usiku ndiye nkhani ina, miyezi yotenthayi anthu ambiri amagona panja, nde ngati njira yanu yadutsa pakhomo pa eni tochi ya foni ilozeni pansi pa mapazi anu, osamawalitsa uku ndi uku ngati mukusaka mbewa. Ku doko chimodzimodzi, amayi ali ndi posamba pawo abambo pawo, mwamuna ukamayandikira umakuwa odi kapena kutsokomola mokweza nkudikira akuyankhe.

Moni sathamangira. Mlendo amayamba wakhala pansi kaye, eni khomo ndi amene amabwera kudzamulonjera mmodzimmodzi, ndipo aliyense mumuyankhe payekha ngakhale mayankho ake ndi omwewo kasanu ndi kawiri. Ndimaona anyamata obwera kutawuni akungokweza dzanja ali chiimire nkuti muli bwanji nonse, aaa, nonse ndi dzina la ndani? Akamaliza moni mpomwe amafunsa za komwe mwachoka, mvula, odwala, ndipo pokhapo mpomwe mumanena chomwe mwadzera, ngakhale mutangobwera kudzabwereka pampu ya njinga. Pamakomo a Asena mumva muli tani, m'mawa mwacherwa tani, ndipo musachite mantha, yankhani m'Chichewa chanu chomwecho amva, koma mukaponyapo pyadidi kamodzi, kutanthauza kuti zili bwino, nkhope zimamasuka. Madala ena akale popereka moni amawomba m'manja uku akukokera phazi kumbuyo, ndi ulemu waukulu umenewo, musaseke ngati mnzanga wina amene anayesa kuti mkuluyo waponda nyerere.

Liwu limodzi lokha lomwe ndikupemphani muligwire ndi takhuta. Pa Chisena takhuta ndi zikomo. Mnzathu wina wa ku Dedza amene anakwatira mkazi wa ku Nsanje anandiuza kuti apongozi ake atabwera kudzacheza kutawuni, iye anawaikira chakudya patebulo, iwo nkuti takhuta takhuta akuwomba m'manja, iye nkuyesa kuti adya kale m'njira, anayamba kuchotsa mbale kkkk. Mkazi wake ndi amene anatulukira kukhitchini nkumulanda mbale zija. Mpaka lero kwawo kwa mkaziyo amamutchula kuti mkamwini wolanda nsima.

Madzi. Kuno mlendo asanapatsidwe china chilichonse amapatsidwa madzi, ndipo simuyenera kudikira kuti apemphe, munthu amene wayenda pa dzuwa lathuli kumufunsa ngati akufuna madzi kuli ngati kumufunsa ngati ali ndi khosi. Mwana kapena mayi amabwera nawo nkugwada kapena kunjuta, inu mulandire ndi manja awiri, kapena ndi lamanja, lamanzere litagwira pamkono. Pali kanthu kamodzi komwe alendo sakudziwa, mijigo yambiri ya m'chigwa muno madzi ake ndi amchere. Eni ake anazolowera kapena alibe kochitira. Inu mukamwa nkukwinya nkhope nkufunsa kuti madziwa mwathiramo chani, mwanyoza mtsikana amene wawasenza pamutu mtunda wautali m'mawa. Imwani pang'ono, thokozani, bwezani kapu. Ngati m'mimba mwanu simugwirizana ndi madzi achilendo nyamulani botolo lanu, koma a eni khomo alandireni kaye ndi kulawako, lanulo muzimwa pambuyo pake osati kulitulutsa pomwe iwo akukupatsani.

Pa chakudya sindinena zambiri poti zambiri nzofanana ndi kwina konse, wamkulu ayambe kusamba m'manja, wamkulu ayambe kutema nsima, osayankhula chakudya chili m'kamwa, osafufuza m'mbale ya ndiwo ngati wataya ndalama. Chomwe chinasintha ndi kasambidwe, kale tonse tinkaviika m'beseni limodzi kuyambira agogo mpaka kamwana komaliza kamene kankasamba m'madzi oti bii, koma kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno inatiphunzitsa kuthirirana ndi jagi. Agogo ena poyamba ankaona ngati tikuwanyansidwa, nde njira yake ndi yoti wamng'ono agwade awathirire iwo poyamba ndi sopo, ulemu wa kuyamba uja sunachoke, changochoka ndi litsiro.

Koma nsima ya kuno si nthawi zonse ikhala yoyera. Mupeza ya mapira, mupeza ya mchewere, yofiirira kapena yotuwa, poti mbewu zimenezi ndi zomwe zimapirira mvula ikadula, ndipo ndi mlamba wowamba imatsika bwino kuposa ya ufa woyera, ine ndikutero. Chaka cha njala anthu a kufupi ndi madambo amakazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'madzi momwe muli ng'ona, nde mukapeza pakhomo akudya nyika musayambe mafunso ngati mtolankhani, kapena kutulutsa foni kuti mujambule mukaonetse anzanu kuti taonani zomwe akudya kuno. Munthu amene wakupatsani nyika wakupatsani chinthu chomwe waika moyo wake pachiswe kuti achipeze. Ndipo kukana chakudya kwathunthu sikumveka bwino, ngati mwakhutadi temani mbamu ziwiri nkusamba m'manja, aliyense amvetsa. Akakupherani nkhuku dziwani kuti mwalemekezedwa koopsa, musaimalize, ana ali kuseriko akuwerenga ziwalo.

Pomwe nkhani ya mwini khomo imaonekera kwambiri ndi pa apongozi. Kwathu kuchikamwini mwamuna ndiwe wobwera, nyumba wamanga pa malo a eni, munda ndi wa eni, ana ndi a eni, akuluakulu mpaka ankati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka. Nde ulemu wako ndi wodzichepetsa, apongozi aakazi sukhala nawo mphasa imodzi, sudya nawo, mukakumana m'kanjira wina amapatuka nkulonjerana chapatali mutanyonyomala, mwana akalakwa kwambiri kapena akadwala kwambiri umatumiza mawu kwa atsibweni ake usanapange chiganizo chachikulu. Kumene anapereka chuma zimatembenuka, wobwera ndi mkazi, iye ndi amene amayenda mosamala pamaso pa apongozi aamuna ndi azilamu ake, ndipo mlongo wa mwamuna, azakhali a ana, mawu ake amalemera kwabasi pomwe kwathu azakhali ndi munthu wongocheza naye. Mtsikana wa ku chikamwini akakwatiwa kotere amadabwa kuti bwanji mlamu wanga wamkazi akulowerera za m'nyumba mwanga, mnyamata wa kwa Asena akakhala pachikamwini amadabwa kuti bwanji mlamu wanga akulamula za ana anga ine ndili moyo. Onse awiri amaona ngati mnzawoyo ndi wamwano, chonsecho aliyense akuchita zomwe anakula nazo. Maukwati ambiri omwe ndawaona akugwedezeka kuno si chifukwa cha chibwenzi kapena mowa ayi, ndi nkhani yomweyi, ankhoswe sanakhale pansi pachiyambi nkunena poyera kuti banja ili litsata mbali iti.

Mayina nawo samalani. Munthu wamkulu satchulidwa dzina lake lobadwa nalo, mumati bambo a uje, mayi a uje, kutchula mwana wawo woyamba, kapena mfunda wawo, a Phiri, a Nabanda. Apongozi ndiye dzina lawo silituluka n'komwe pakamwa panu. Mufoni mwanu momwemo musawaseve ndi dzina lawo, tsiku lina foni idzalira ili pa mphasa mwana nkuwerenga mokweza.

Maliro ndi pomwe zonsezi zimaphulikira. Munthu akamwalira funso loti uthenga uyambe kufika kwa ndani, amene anene koika ndani, amene ayankhule m'malo mwa banja ndani, yankho lake lili pa nkhani yomwe ija. Mayi wa pachikamwini eni ake ndi abale ake a kuchikazi, mwamuna wake ngakhale anakhala naye zaka 40 sangangodzuka nkunena kuti tiika mawa. Mayi amene anaperekedwa chuma kawirikawiri amaikidwa kwa mwamuna, koma kwawo ayenera kuuzidwa mwaulemu wake, ndi munthu wotumidwa, ndipo ngati chuma chija sichinathe kuperekedwa pamakhala nkhani yoti ikambidwe thupi lisanatuluke m'nyumba. Ndinaonapo maliro akuchedwa tsiku lathunthu pa dzuwa la kuno, adzukulu atamaliza kale kukumba, chifukwa mbali ina inamva uthenga kudzera kwa anthu a pamsika. Masiku ano choipitsitsa ndi WhatsApp, munthu watsirizika 4 koloko m'mawa, pofika 5 koloko kamdzukulu kena kaika kale chithunzi pa sitetasi ndi timitima tosweka, eni mbumba kapena abale a bambo nkumva kwa anzawo a ku Johannesburg. Dikirani, a banja auzidwe, amfumu auzidwe poti manda ndi awo ndipo palibe amakumba iwo asanalole, mukamva kuti uthenga wamwazidwa ndi pomwe mugwire foni.

Inu ongobwera kudzakhuza zanu nzosavuta. Amayi chitenje m'chiuno ndi mpango kumutu nkukalowa kusiwa, abambo panja ndi abambo anzanu, chipepeso mupereke kwa amene akulemba osati kukapanikiza m'manja mwa namfedwa anthu akuona. Mukaona masamba aikidwa pamsewu tsikani panjinga muyende pansi, wa njinga yamoto achepetse liwiro, wa galimoto azimitse wailesi, chipewa chichoke kumutu ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Ndipo kudya pamaliro si kulakwa, kulakwa ndi kufika nthawi ya nsima yeniyeni nkuchoka mbale zikutsukidwa.

Apa ndinenepo chinthu china poti anthu akumtunda akangomva Nsanje amathamangira komweko. Mwambo wa kupita kufa, uja wokakamiza mayi wamasiye kugona ndi mwamuna kuti akuti ayeretse mudzi, ndi kulanda katundu wa amasiye, zimenezo musaziike m'thumba limodzi ndi ulemu. Lamulo la 2013 loona zoti amuna ndi akazi asasiyanitsidwe linaletsa miyambo yovulaza ngati imeneyi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu wa mayi ndi ana ndi mlandu, ndipo mafumu ambiri a kuno akhala akuzidzudzula poyera. Mayi akakana zimenezi sanachite mwano kwa aliyense. Komanso inu mlendo musafike pakhomo pa munthu nkuyamba kumufunsa za afisi ngati ndi moni, anthu a kuno anatopa nako kuonedwa ngati chigwa chonse ndi nkhani imodzi yomweyo.

Kwa amfumu sulowa ngati ukulowa mu golosale. Pali nyakwawa ya mudzi, pamwamba pake gulupu, kenako mfumu yaikulu, ndipo nkhani imakwera makwerero amenewa, ukadumpha amakubweza. Ukafika umayamba waonana ndi nduna, iyo ndi imene imakulowetsa ndipo nthawi zina ndi imene imabwereza mawu ako kwa mfumu ngakhale mfumuyo yamva yokha, usadabwe, ndi mmene zimayendera. Kupita chimanjamanja sikuoneka bwino, kankhuku kapena kandalama kochepa kolonjera, koma izi zisasokonezedwe ndi kugula mlandu. Ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona ku Nsanje, ndiye malamulo ndi a eni malo basi, nsapato umavula, chovala chake ndi nsalu yakuda, ndipo sulowa wekha popanda okutsogolera. Kaya ndinu wa mpingo wanji, ngati simungathe kutsata zimenezo kuli bwino osapitako kusiyana ndi kukatsutsana nawo pakhomo pawo.

Chomwe chasokoneza kwambiri ulemu wa kuno zaka zino si mafoni ngati mmene madala amanenera, ndi madzi osefukira. Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Marichi 2023, nthawi zonsezi anthu masauzande anakathera m'makampu, m'makalasi a sukulu, m'matchalitchi ndi m'matenti, ku Bangula ndi malo ena okwera. Tangoganizani mkamwini amene zaka khumi wakhala akupatukira apongozi ake m'njira, lero ali nawo pa layini imodzi ya phala, chimbudzi chimodzi, aliyense ndi kambale m'manja. Ine ndinakhalamo masabata atatu m'kalasi ya sitandade 5 ndipo ndinaona mmene anthu ankayesetsera, bambo wina ankadikira dala kuti apongozi ake alandire kaye achoke ndi pomwe iye aime pa layini, kawiri konse anapeza phala latha. Amayi ankamanga zitenje pa chingwe kuti pakhale kotchinga agogo akamasintha zovala. Munthu wataya nyumba, mbuzi, chimanga chonse cha ku dimba, koma kamtunda kaja ka pakati pa iye ndi apongozi akukasungabe.

Ndipo kukampu komweko ndi komwe funso la mwini khomo linabweranso mwa mtundu wina. Olemba mayina a thandizo amabwera ndi fomu yofunsa mutu wa banja, malo a dzina limodzi basi. Pachikamwini mwamuna amati ndine, mkazi nkuti nyumba yomwe yagwayo ili pa malo a amayi anga. Kwa a mitala mwamuna mmodzi makomo atatu, kuponi imodzi. Kamnyamata kena kolemba, sinditchula bungwe lake, kanafika pokalipira gogo wina kuti iwe tangonena dzina limodzi tili ndi anthu ambiri, gogo wa zidzukulu zake zazikulu kuposa iko. Gogoyo sanayankhe, anangotembenuka nkukakhala pansi pa mtengo, ndipo anthu a m'mudzi mwake onse anachoka pa layini nkukakhala naye mpaka wamkulu wa olembawo anabwera kudzapepesa. Inu amene mumabwera kudzathandiza, tikuthokoza ndithu, koma munthu wolandira thumba la ufa sanasiye kukhala inu. Ndipo musanamujambule atasenza thumbalo mufunseni.

Pa bwato pali ulemu wake waung'ono womwe ndi chitetezo chomwe. Mwini bwato akati khalani apa mukhale pomwepo, osaimirira pakati pa madzi kuti mujambule, okalamba ndi amayi a ana ayambe kukwera ndi kutsika, ndipo mtengo mukambirane muli kumtunda osati mutafika pakati pa Shire. Agogo anga ankaletsa kutchula ng'ona uli pamadzi, ine sindikhulupirira kuti imamva dzina lake koma sinditchulabe, poti m'bwatomo mumakhala wina amene m'bale wake anapita nayo.

Potsanzika musadzuke mwadzidzidzi ngati mwalumidwa ndi chinkhanira. Mumanena kaye kuti dzuwa lapita tiyeni tizionako njira, iwo amakukanizani pang'ono, mumakhalanso mphindi zingapo, kenako mumatsanzika aliyense. Akakupatsani kaphukusi ka mbatata, malambe, masau kapena nsomba zouma landirani ngakhale chikwama chadzadza, ndipo adzakuperekezani mpaka pamsewu atakunyamulirani katundu, musawakanize, mlendo wongochoka yekha anthu oyandikana nawo amayesa kuti mwayambana.

Za kwa Tengani zija zinatha chonchi. Tinapepesa, anatiseka pang'ono, anatiphikira nkhuku ndithu, nkutiuza kuti tibwerenso ndi bambo. Patapita masabata awiri tinabwerera, bambo athu atavala jekete yomwe ankaisungira ku tchalitchi, ndipo munthu amene moyo wake wonse wakhala mkamwini m'mudzi mwa amayi, wosafunsidwa kanthu pa za ife, anapezeka wakhazikidwa pampando wokhawo womwe unalipo pakhomopo, atsibweni ali pa mphasa. Chuma tinapereka pang'onopang'ono zaka ziwiri. Pano mng'ono wanga ali ndi ana atatu, ndipo kukakhala nkhani iliyonse ya anawo akuchikazi amaimbira bambo, iwo nkuvala jekete ija ngakhale nkhaniyo ndi ya pafoni. Atsibweni mpaka lero akamwa kamodzi amafunsa kuti nanga ana amenewa kwawo nkuti, poti kwa mayi awo akuti ndi a kwa bambo, kwathu mwana wa mwamuna sawerengedwa m'mbumba, ndipo munda womwe mng'ono wanga akulima ndi wa amayi athu, womwe mwa mwambo wathu udzapita kwa ana a mlongo wathu. Nkhani ya mundayo sitinaikambebe.